Ndinaveka Alamu Anga Kachipangizo ka Mtima Wanga

Abale anga, ndaimirira kuti mundione bwino, chifukwa nkhani ndabwera nayoyi siyokamba munthu atabisala kumbuyo kwa mnzake. Ndine Goma. Ndinabadwira ku Tembwe koma ndinakwatira ku Kambombo, ndipo ndi komwe ndimalima. Ena mumandidziwa ndi dzina lija la Pulofesa, limene anandipatsa anzanga a pa mowa. Sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma cholembedwa chilichonse chikagwera m'manja mwanga ndimawerenga, kaya ndi nyuzipepala yokulungira kapenta, kaya ndi thumba la feteleza. Chinyanja mukumvachi nachonso ndinachitola m'mabuku, ndiye Chisenga cha kwathu chikatulukira pakati musaseke kwambiri.

Tonse m'chipinda muno tabwera chifukwa cha botolo. Langa linandipeza kudzera m'kuwerenga komweko. Pansi pa mtengo wa mango pomwe ankagulitsa kachasu, ine ndinkawawerengera anthu nkhani za m'nyuzipepala, iwo n'kumandithirira. Ndinkati ndikuphunzitsa mtundu. Posakhalitsa ndinayamba kufika nyuzipepala ndilibe. Kenako ndinayamba kufika m'mawa, kuti manja aleke kunjenjemera. Dimba la mpunga ndinasiyira akazi anga, NyaZimba. Thonje linadyedwa ndi mbozi ine ndikufotokozera anthu za nkhondo za kunja. Kutchalitchi anandiletsa kuwerenga mawu kutsogolo chifukwa a m'benchi yoyamba ankatembenuza nkhope ndikatsegula pakamwa. Mwana wanga wamkazi analeka kubwera ndi anzake kunyumba. Zonsezi ndinkaziona, ndipo chilichonse ndinali nacho ndi yankho lake lomveka bwino.

Tsiku lina pamsika wa ku Chama mtima unayamba kuthamanga ngati ukufuna kutulukira pakhosi. Ndinagwa pakati pa matimati a mayi wina. Kuchipatala ndinakumana ndi namwino wochokera ku Kopala, kumigodi kuja, Sista Mwape.

"Ba Goma, mumamwa mowa?"

"Pang'ono chabe, sista. Pa Khirisimasi."

Anandiyang'ana m'maso. "Khirisimasi yanu ibwera kangati pa wiki?"

Ndinaseka, iwo sanaseke. Anati vuto la mtima ngati langali limabisala, ukalifuna kuchipatala silioneka, limakaonekera kumunda kapena panjira. Nthawi imeneyo kunali kutabwera tizipangizo tingapo toyesera. Anatulutsa kamodzi, kofanana ndi bokosi la machesi koma kopyapyala, n'kundimata pachifuwa ndi pulasitala. Anati ndikavale usana ndi usiku kwa masabata angapo, kazimvetsera mtima wanga, ndipo kakapeza netiweki kazitumiza zimene kamva kwa dokotala wa mtima amene ali kutali mumzinda. Potuluka anawonjeza kuti, "Ndipo mukamwa, mtima uzatiuza wokha."

M'bokosi mwake munali kapepala ka Chingerezi. Mukundidziwa, ndinakhala nako pansi ndi dikishonale yanga yopanda chikuto mpaka ndinamvetsa. Lolani ndifotokoze pang'ono, chifukwa pomwepa ndi pamene nzeru zanga zinandigwetsera.

Mtima ukagunda umatulutsa kamphamvu kochepa ka magetsi. Kachipangizoko kamamva kamphamvuko n'kumajambula mzere wokwera ndi kutsika, kugunda kulikonse kaphiri kake. Manje taganizani, mtima supuma. Kakanati kazitumiza mzere wonsewo, batire ikanatha ndisanafike kunyumba, ndipo netiweki yathu ino mukuidziwa, yoti ukwere pachulu kuti umve moni. Ndiye kamafinya. Kamaona kuti kugunda kwa munthu kumafanana, uku ndi uku ndi uku. Kamasunga kumodzi ngati chitsanzo, kwinako kamangolemba kuti chimodzimodzi, chimodzimodzi, n'kuonjezapo kusiyana kochepa ngati kulipo. Zili ngati m'buku la nyimbo, mmene kolasi amailemba kamodzi kokha ngakhale tiimba kambirimbiri. Koma kugunda kukabwera kwachilendo, kofulumira kapena kochedwa kapena kosoweka, kumeneko kamasunga konse bwinobwino. Mapeto ake katundu wa tsiku lonse amasanduka kaphukusi kakang'ono koti kangadutse ngakhale pa netiweki yofooka.

Madzulo ake ndinali pansi pa mango, malaya otsegula, ndikuphunzitsa.

"Kanthu aka kamatcheza," ndinawauza. "Monga mayi awa amatenga mgolo wathunthu n'kutulutsamo botolo limodzi. Madzi kamataya, ukali kamasunga."

Anthu anaomba m'manja. Ndiye mnzanga wina, a Ng'uni, anati, "Pulofesa, ngati kamasunga ukali, ndiye kapu mwagwirayo yafika kale kwa sista."

Onse anaseka. Ndinayamba kuganiza, ndipo munthu woledzera akayamba kuganiza muzithawa. Ndinati, kanthu aka sikatumiza nkhope, sikatumiza mawu, ndipo zambiri kamataya. Kamene kamafika kwa dokotala ndi timizere chabe. Dokotalayo sanandionepo. Ndiye mtima uliwonse ungakwane, bola ukhale wa munthu wosamwa.

Munthu wosamwa ndinali naye pafupi. Alamu anga a Zimba, achimwene a akazi anga, mkulu wa mpingo, munthu amene sanalawepo ngakhale thobwa logona. Ntchito yawo inali kunyamula matumba a mpunga pa njinga kuchokera ku Kambombo kupita ku boma. Kwathu kuno mlamu akadwala umamulimira, akalephera kupita kumaliro umamuimirira, katundu akamulemera umamulandira. Palibe amafunsa zambiri. Ine ndinatenga mwambo wabwinowo n'kuugwiritsa ntchito yonyansa.

Ndinawapeza akumanga matumba pa keriya.

"Alamu, pulasitala iyi yanditulutsa zidzolo. Koma sista anati kanthu aka kasazizire, kakachoka pathupi la munthu kamawonongeka. Ndivalireniko masiku ochepa, khungu lipole."

"Zalembedwa choncho?"

"Ndawerenga ndekha."

"Ngati mwawerenga ndinu, bweretsani. Sikolemera kuposa thumba la mpunga." Anatsegula malaya, ine n'kuwamata ndi manja anga. Akumanga mabatani anati, "Koma kasakanene kwa madokotala kuti ndimaliza mkonono. Akazi anga anena kale mokwanira."

Tinaseka tonse awiri. Ine ndinapita ku mango mtima uli mbee, ndipo ndinamwa ngati munthu wotuluka m'ndende.

Patapita masiku angapo, masana dzuwa lili pamutu, njinga yamoto inaima pafupi ndi mtengo uja. Anatsika Sista Mwape. Ndinabisa kapu kumbuyo kwa mwendo ngati mwana. Iwo sanayang'ane n'komwe.

"Ba Goma, kwerani manje manje. Tiyende ku chipatala."

Ananditengera pambali n'kundionetsa pa foni yawo. Unali mzere uja. Kaphiri, kaphiri, kaphiri, kenako mzere wagona, wautali, wopanda kanthu. Kenako kaphiri kenanso.

"Apa mtima wanu unaima. Unayambanso wokha. Dokotala akuti tsiku lina sungayambenso. Kachipangizo kali kuti?"

"Ndinachotsa posamba, kali kunyumba."

"Kasiyeni, taona zokwanira. Kwerani."

Abale anga, apa ndi pamene ndikufuna mumve bwino. Ine ndinadziwa nthawi yomweyo. Mowa wonse unandithera m'mutu. Ndinadziwa kuti mtima unaimawo si wanga, ndinadziwa mwini wake, ndinadziwanso kuti pa ola limenelo mwini wakeyo ali panjira akupalasa njinga ndi matumba kumbuyo. Mawu oyenera kunena anali ochepa. Ine ndinakwera njinga yamoto ija n'kugwira sista m'mapewa.

Anandigoneka pabedi. NyaZimba anabwera akulira, anasiya mpunga wakupsa m'dimba mbalame zikudya, n'kumagona pakhonde la odikirira odwala. A mpingo omwe aja anandiletsa kuwerenga anabwera kudzandiimbira. Manja akamanjenjemera chifukwa chosowa kachasu, anthu ankati onani mmene mtima wamugwirira. Ndipo ndinene zoona zonse, chifundo chimenecho chinandikomera. Panali patapita zaka munthu asanandiyang'ane mwachifundo. Akandiyeza kuchipatalako mzere wogona uja sunkaoneka, koma ankati ndi mmene vutoli limabisalira, ndipo anayamba kukonza zonditumiza ku Lusaka. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndinena. Kukacha ndinkati anthu achuluka, ndinena madzulo.

Tsiku lina, nthawi yoona odwala, akazi anga akundimwetsa phala, analowa a Zimba. Fumbi thupi lonse. Pachipumi panali potupa, chigongono chosupuka, magazi atauma ndi mchenga. M'manja anali ndi nthochi zophwanyika.

"Alamu, pepani, nthochi zanu zafika zitatafunidwa kale."

"Achimwene, mwatani?" anafunsa NyaZimba.

"Aa, njinga yandiponya pa mchenga wa mtsinje timaoloka pobwera kuno. Ndangoona mdima, basi. Kutsegula maso ndili chagada, thumba lili uko, njinga ili uko, mbuzi ikundinunkhiza." Anaseka. "Kachiwiri manje. Ndi ukalamba, mlongo wanga, usadandaule."

Anakhala pampando pafupi ndi mutu wanga, akupuma movutikira. Anandigwira dzanja.

"Inu musaope. Mawa ndibweranso ndi matumba ena, tigulitse, ulendo wa ku Lusaka usakuvuteni. Ndizipanga maulendo awiri pa tsiku mpaka zikwane."

Kenako anaweramira kukhutu kwanga, n'kudzigwira pachifuwa pamwamba pa malaya.

"Kanthu kanu ndikusunga bwino. Ngakhale pogwa paja ndinayamba kukagwira ikoko. Sikanazizire."

Sindidziwa mmene ndingakuuzireni. Ndinayang'ana dzanja lawo lili pachifuwapo, zala zokhakhala, mchenga m'zikhadabo. Pansi pa dzanjalo panali mtima umene unaima m'mawa womwewo pa mtsinje popanda munthu, ndipo mwini wake ankadera nkhawa kabokosi kanga. Ndinaganiza za maso a akazi anga. Ndinaganiza za pansi pa mango, mmene adzasekere. Ndinaganizanso kuti mwina madokotala adzazindikira okha, popeza kachipangizoko kanali kakutumizabe. Mwina akanazindikiradi. Koma mawa lake a Zimba anali ndi maulendo awiri.

Sista Mwape ankadutsa ndi thireyi ya mankhwala. Ndinaitana, mawu anatuluka ngati a nkhuku yonyowa.

"Sista. Mzere uja si wanga."

"Mwati bwanji, ba Goma?"

"Si wanga. Alamu, tsegulani malaya."

A Zimba anandiyang'ana, osamvetsa, koma anatsegula. Kanali pomwepo, pulasitala itada ndi thukuta.

Ndinafotokoza zonse, za zidzolo zabodza, za kuzizira kwabodza, za kachasu. Sista sanakalipe. Anaika thireyi pansi pang'onopang'ono.

"Ba Zimba, osaimirira. Khalani pamene muli." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ba Goma, chokani pa bedi."

Ndinatsika. Anawagoneka alamu anga pabedi lomwelo, likadali lofunda ndi thupi langa. Ine ndinaima kukhoma, wopanda nsapato, odwala onse akundiyang'ana. Sista anaimba foni kwa dokotala uja, ndipo patapita kanthawi anabwera kudzandionetsa, sindidziwa ngati chinali chilango kapena chifundo. Kachipangizoko kanali katatumiza kale za tsikulo a Zimba atangofika pa boma. Ulendo wonse wa kuchokera ku Kambombo kanaufinya, kugunda konse kwa pa chitunda ndi pa chigwa kanangoti chimodzimodzi. Koma pa mtsinje paja kanasunga ponse. Mzere wogona unali pomwepo, wautali kuposa woyamba uja. Sista anati dokotalayo anadabwapo kale kuona timapiri tasintha maonekedwe kuyambira tsiku lachiwiri, koma anaganiza kuti ndangokamata pamalo ena.

Akazi anga anali atagwirabe kapu ya phala.

"A Goma, masiku onsewa mumadziwa?"

"Inde."

"Ndikukumwetsani phala ili, inu mukudziwa kuti achimwene ali panjira?"

"Inde."

Anaika kapu pawindo. Sanalankhulenso nane mpaka mpunga unatha kukololedwa.

A Zimba anawatumiza ku Lusaka, NyaZimba anawaperekeza. Kumeneko anawaika kabatire kakang'ono pansi pa khungu, kamene kamadzutsa mtima ukafuna kugona. Ali moyo. Ena amandiuza kuti, Pulofesa, usadziimbe mlandu, bodza lako ndi limene linawapulumutsa. Ine mawu amenewo ndimawakana, ndipo inunso wina akakupatsani mawu okoma otero pa zimene munachita muli oledzera, muwakane. Chimene chinawapulumutsa ndi chifundo cha Mulungu ndi ntchito ya anthu a chipatala. Changa ine ndi masiku aja ndinagona chete.

Manje ndinene mmene ndinabwererera, chifukwa mwina wina pano akufuna poyambira.

Choyamba ndinabwerera kwa Sista Mwape n'kuwauza Khirisimasi yanga mmene inalili, m'mawa, masana ndi madzulo. Anandichenjeza kuti munthu amene wamwa kwa nthawi yaitali ngati ine asaleke yekha mwadzidzidzi kunyumba, chifukwa thupi likhoza kugwidwa ndi khunyu. Anandithandiza ndi mankhwala masiku oyambawo. Anali masiku oipa, ndinkaona nyerere pakhoma loyera. Ngati manja anu amanjenjemera m'mawa, yambirani kuchipatala, musachite manyazi. Manyazi anu sangapose anga.

Kenako ndinavala kachipangizo kaja ndekha, pachifuwa changa. Kanapeza kuti mtima wanga nawonso uli ndi vuto lake, umathamanga mosalongosoka, ndipo mowa ndi umene unkaukolezera. Ndimamwa mapiritsi. Ndikanangovala poyamba paja, ndikanadziwa kalekale.

Njira ya ku mango ndinaisiya, ndimazungulira kuseri kwa sukulu ngakhale ndi kotalika. Ndinagwapo kamodzi, pa tsiku logulitsa thonje, a Ng'uni atandiitana kuti ndingowawerengera pepala limodzi. Tsiku lomwelo ndinapita kukanena kwa akazi anga ndi kwa abusa, fungo likadali mkamwa. Kunena msanga kumapweteka, koma ndaona kuti kuchedwa n'kumene kumapha.

Ndipo ndinatenga njinga ya a Zimba. Iwo saloledwanso kunyamula zolemera, ndiye matumba awo ndimapalasa ndine. Masiku oyamba anthu a pamsika ankaima kudzaonerera Pulofesa akukankha mpunga, lilime lili panja. Manje anazolowera.

Pali chinanso chimene ndinaphunzira pa kapepala kaja, mochedwa. Inenso ndinali wofinya nkhani. Akazi anga akafunsa kuti munali kuti, ndinkati ndinali kumsika, ndinakumana ndi uje, anandiuza zakuti. Zachilendo ndinkanena, zobwerezabwereza ndinkataya. Kachipangizo kaja kamataya zobwerezabwereza chifukwa mu mtima zimenezo ndiye umoyo. Kwa ine chobwerezabwerezacho ndiye chinali nthenda. Masiku ano ndikafika kunyumba ndimanena tsiku lonse mmene layendera, ndi pamene ndinalakalaka kapu pomwe. NyaZimba nthawi zina amati, "A Goma, fupikitsani, ndiwo zikupserera." Koma amamvetsera. Kutchalitchi sanandibwezerebe kutsogolo, ndipo sindinapemphe.

A Zimba atabwera ku Lusaka ndinapita kukagwada pakhomo pawo. Anandisiya ndigwade kanthawi ndithu, akusenda chinangwa.

"Alamu, zondiveka kanthu kaja ndakukhululukirani. Ndinali wopusa ndine, kukhulupirira munthu chifukwa ali ndi dikishonale."

"Yewo, alamu."

"Musathokoze msanga. Masiku aja munagona pabedi muli chete, amenewo ndikuganizabe."

Mpaka lero sanandiuze kuti amaliza kuganiza, ndipo ine sindiwafunsa.

Ndi iwo andiperekeza kuno lero. Akhala panja pamthunzi, akuti sangalowe chifukwa alibe umboni wa mowa, angadzangotinyadira. Inu amene muli ndi mawu ali pakhosi, amene mukuti mudzanena mawa, kaya ndi kwa mkazi, kaya kwa namwino, kaya kwa mwana, kumbukirani kuti pamene inu mukudikira tsiku labwino, wina ali panjira ndi katundu wanu.

Tikatuluka pano ndiwakweza pa keriya, ndipalasa ine mpaka ku Kambombo. Panjira amalankhula kwambiri, amati ndimapalasa ngati ndikuwerenga, pang'onopang'ono ndi kuima pa mpumiro uliwonse. Koma tikafika pa mchenga wa mtsinje uja amandigwira paphewa n'kunena kuti, "Imani apa, alamu." Timatsika tonse awiri. Ine ndimakankha njinga, iwo amayenda pambali panga, ndipo mpaka tifike tsidya linalo palibe amalankhula.